Peleset: Dzina Limene Linasungidwa ndi Adani

Tikatsegula mabuku a Cingelezi okamba za mbili yakale ya Egypt, timapezamo dzina lakuti Peleset. Ambili a ife sitinalimvepo, koma eni ake timawadziwa kucokela ku Sande sukulu. Akatswili ambili amati awa ndiwo Afilisti, a kwao kwa Goliyati. Nanga n'cifukwa ciani Cingelezi cimasunga maina awili a anthu amodzi? Kuti timvetse, tiyenela kubwelela m'mbuyo zaka zoposa 3,000.

Ku Medinet Habu, kutsidya kwa mtsinje wa Nile kuyang'anana ndi mzinda wa Luxor, kuli kacisi amene anamanga Farao Ramesses III. Pa zipupa zake anajambulapo nkhondo ya m'caka ca 8 ca ulamulilo wake, ca m'ma 1177 BC. Alembi ake anachula mitundu isanu imene inagwilizana kudzalowa m'dzikolo: Peleset, Tjeker, Shekelesh, Denyen ndi Weshesh. Ena anabwela pa zombo, ena pamtunda. Pa zithunzizo timaona asilikali ovala zisoti zooneka ngati nthenga zoimilila. Timaonanso ngolo zokokedwa ndi ng'ombe, muli akazi ndi ana. Munthu wopita kukafunkha satenga makanda, conco zioneka kuti awa anali kufuna malo okhala. Farao anadzitama kuti anawagonjetsa, ndipo cikalata ca Papyrus Harris, cimene cili ku British Museum ku London, cimati akaidi a nkhondo anawakhazika m'malinga ake.

Koma alembiwo sanalembe Peleset monga tilionela lelo. Kalembedwe ka ku Egypt kanalibe mavawelo, ndipo pa dzinali anaika zizindikilo zoimila p, r, s ndi t. Analibenso cizindikilo ca l payekha, motelo ca r cinali kugwila nchito zonse ziwili. Ife izi sizitidabwitsa: kuno timalemba kulila, anzathu ku Malawi amalemba kulira, koma misozi ndi imodzimodzi. Akatswili a masiku ano amangoika e pakati pa zilembozo kuti lilime lipeze poponda. Ndiye kuti Peleset ndi kachulidwe ka m'kalasi, osati mawu amene anali kumveka m'misika ya nthawi imeneyo. Jean-François Champollion wa ku France, amene anatsegula njila yowelengela zilembo za ku Egypt mu 1822, anafika ku Medinet Habu mu 1829.

Apa ndi pamene Cingelezi cinagawa nchito. Peleset ndi mawu a akatswili, ndipo amawagwilitsila nchito pokamba za anthu ochulidwa m'zolemba za ku Egypt. Sasintha ngakhale anthuwo akhale ambili. Philistine ndi mawu akale kwambili m'Cingelezi. Anacokela ku Ciheberi, Pelishtim, kudzela m'Cigiriki ndi Cilatini, ndipo amaimila anthu a m'mizinda isanu ija ya Gaza, Ashkelon, Ashdod, Ekron ndi Gath. Wolemba wosamala amasiyanitsa maina awiliwa kuti wowelenga adziwe amene akupeleka umboni: mlembi wa Farao kapena mlembi waciheberi. Onse awili anali kulemba za adani awo.

Mawu aciwiliwo anadzapeza tsoka lina. Ophunzila a m'mayunivesite a ku Germany anali kunyoza anthu wamba a m'tauni powachula Philister. Mngelezi Matthew Arnold anatola mawuwo, ndipo m'buku lake la mu 1869, Culture and Anarchy, anawamata pa anthu a malonda a ku England amene iye anali kuwaona kuti amangoganiza za ndalama. Kufikila lelo, Mngelezi akakuchula philistine, ndi p wamng'ono, ndiye kuti akuti ndiwe mbuli yosadziwa kukoma kwa mabuku, nyimbo kapena zojambula.

Nthaka ikukamba zosiyana. Ofukula zakale anapeza mbiya za Afilisti zojambulidwa mbalame ndi nsomba mwaluso. Ku Ekron anapeza malo oposa 100 oyengela mafuta a maolivi, a m'zaka za m'ma 600 BC. Kumeneko, mu 1996, anafukulanso mwala wolembedwa maina a mafumu asanu a mzindawo. Ngakhale buku la 1 Samueli, m'caputala 13, limaonetsa kuti Aisiraeli anali kupita kwa Afilisti kukanoletsa makasu ndi nkhwangwa cifukwa kwao kunalibe osula. Anthu amene Cingelezi cinawasandutsa citsanzo ca umbuli ndi amene anali amisili a m'delalo.

Dzinali linatenganso njila yacitatu, ndipo iyi ndiyo imatikhudza lelo. Asuri anali kuchula dela la m'mbali mwa nyanjalo kuti Palashtu. Herodotus, wolemba mbili wacigiriki wa m'zaka za m'ma 400 BC, analichula Palaistine. Aroma atathetsa kuukila kwa Ayuda kotsogoleledwa ndi Bar Kokhba mu 135 AD, anapatsa cigawoco dzina lakuti Syria Palaestina. Apa m'pamene panacokela Palestine wa Cingelezi ndi Filastin wa Ciarabu.

Panthawiyo Afilisti eni ake anali atatha kale monga mtundu. Mu 604 BC, Nebuchadnezzar wa ku Babylon anawononga Ashkelon, mizinda ina inagwanso m'zaka zomwezo, ndipo ambili anatengedwa ukapolo. Ngakhale izi zisanacitike, iwo anali atasakanikilana kale ndi anansi awo. Kafukufuku wa DNA wofalitsidwa mu 2019, pa mafupa a ku Ashkelon, anapeza kuti Afilisti oyambilila anali ndi magazi a kum'mwela kwa Europe, koma patapita zaka pafupifupi 200 cizindikiloco sicinali kuonekanso.

N'cifukwa cake tiyenela kucenjela nkhani za ku Gaza zikamawelengedwa pa wailesi. Timamva anthu m'mabasi, ngakhale pa guwa, akunena kuti Apalestina ndi Afilisti aja, ndipo nkhondo ya lelo ndi ya Davide ndi Goliyati. Dzina la dziko ndilo linacokela kwa Afilisti. Apalestina a lelo ndi anthu okamba Ciarabu, Asilamu ndi Akhristu, ndipo pakati pa iwo ndi kugwa kwa Ashkelon pali zaka zoposa 2,600. Tikamata dzina la mdani wa m'Baibulo pa mwana amene wafela m'nyumba yogumuka, timadzipatsa cifukwa cosamumvela cisoni.

Conco tiyeni dzina lililonse tiliike pamalo pake. Peleset ndi anthu a pa zipupa za Ramesses III. Afilisti ndi a m'mizinda isanu ija, amene mbili yawo inatha m'masiku a Babylon. Apalestina ali moyo, ndipo akhoza kudzikambila okha kuti iwo ndani. Mwayi umenewo a Peleset sanaupeze, pakuti pafupifupi zonse zimene timawelenga za iwo zinalembedwa ndi amene anamenyana nawo.