Sitima Zimene Zinakwera Mtunda pa Mitu ya Anthu

Mtsinje wa Ruo umachokera m'phiri la Mulanje n'kutsetsereka mpaka ku Chiromo, kumene umathira mu Shire. Pamathiriro amenewo, m'zaka za m'ma 1890, pankakocheza sitima ziwiri zankhondo za Angerezi, Herald ndi Mosquito. Zinakhomedwa m'chaka cha 1890 ndi kampani ya Yarrow ku Poplar, mumzinda wa London. Amisiri anazipanga zafulati kunsi, gudumu lopalasira lili kumbuyo, kuti zisatitimire mumchenga wa Zambezi ndi Shire madzi akaphwa. Anazitumiza zili zigawozigawo, ndipo zinalumikizidwa kumathiriro a Zambezi.

Luso la sitima za nthawi imeneyo linagona pomwepo, pa kuphwasulika. Pakati pa Chikwawa ndi Matope, Shire ali ndi mathithi amene chombo sichingawoloke. Choncho Ilala yoyamba, imene inalowa m'nyanja mu Okutobala 1875, inamasulidwa kumunsi kwa mathithi, anthu mazanamazana n'kusenza zitsulo zake pamutu mpaka kumtunda. Chauncy Maples, yokhomedwa ku Glasgow m'chaka cha 1899, inafika m'zidutswa zoposa 3,000, ndipo chiphika chake chowiritsira madzi chinakokedwa pangolo ndi amuna Achingoni okwana 450. Mabuku amasunga dzina la kampani ndi la woyendetsa. Atengatenga aja sawatchula, ngakhalenso anthu amene ankagwetsa mitengo m'mbali mwa madzi, popeza sitimazi zinkadya nkhuni usana ndi usiku.

Tisanaone utsi panyanja, mwini madzi anali dau, chombo cha matanga. Jumbe wa ku Nkhotakota anali nawo madau, Makanjira kutsidya la kum'mawa analinso nawo. M'zombo zimenezi munkakwera nsalu, mikanda, onga ndi minyanga ya njovu, ndipo njira zomwezo zinatibweretsera alimu odziwa kuwerenga Qur'an ndi kulemba m'zilembo za Chiarabu. Munkakweranso anthu omangidwa m'magoli, opita kukagulitsidwa ku Kilwa. Ife amene timanyadira mbali yoyambayo tilibe chilolezo chobisa yachiwiriyi. Kugulitsa munthu wobadwa mfulu ndi tchimo limene Mtumiki (SAW) analidzudzula poyera. Komabe tisaganize kuti sitima inabwera ndi chifundo chokha. Dau limadikira mwera kapena mpoto, pamene sitima imapita kumene mwini wake wafuna, tsiku limene wafuna, itanyamula mzinga. Wolamula ulendo wa pamadzi ndiye anadzalamula msonkho ndi malo.

Anthu a ku Mulanje anali m'gulu la oyamba kulawa zimenezi, ngakhale ali kutali ndi nyanja. Asilikali a ku India amene Harry Johnston anaitanitsa m'chaka cha 1891, motsogozedwa ndi Kaputeni Cecil Maguire, anakwera Shire pa sitima, ndipo nkhondo yawo yoyamba inali ya kwa mfumu Yachiyao Chikumbu, m'tsinde mwa phirili. M'chaka cha 1893 boma linamanga linga la Fort Lister pampata wa pakati pa Mulanje ndi Michesi, kutseka njira ya malonda yopita ku Quelimane. Matipwiri, amene ankalamula njirayo, anagonja m'chaka cha 1895. Mfumu ikataya onga, inkadikira ulendo wa miyezi kuti ipeze wina. Mdani wake ankangolandira mabokosi atsopano ku Chiromo.

Kunyanja zinthu sizinayende mosavuta chotero. Mu Disembala 1891 Maguire anapita pa sitima ya Domira kukawononga madau a Makanjira, ndipo anaphedwa komweko. Yankho la Angerezi linali kuitanitsa zitsulo zina kwa Yarrow: Adventure ndi Pioneer, zimene zinasenzedwanso kudutsa mathithi n'kuyamba ntchito panyanja m'chaka cha 1893. Chaka chomwecho mudzi wa Makanjira unagwa, ndipo pamalopo panamangidwa Fort Maguire.

Abale athu a ku Aceh, pachilumba cha Sumatra, anaona zofananazo m'manja mwa Adatchi. Kuyambira m'chaka cha 1873, sitima za nthunzi zokhomedwa ku Ulaya zinkatsekereza magombe a ufumu wa Chisilamu umenewo ndi kutsitsa asilikali, pankhondo imene inatenga zaka zoposa 30. Kusiyana kwake n'kwakuti ku Aceh sitima inkafika yokha pagombe, itayandama kuchokera kwawo. Kuno inkafunika mapewa a eni dziko kuti ifike pamadzi.

Amene amapita ku Mangochi angathe kuona mzinga wa Guendolen, sitima imene inalumikizidwa pomwepo n'kuyamba ntchito m'chaka cha 1899. Uli pafupi ndi nsanja ya wotchi, chakumlatho wa Shire.