Mbiri ya Mawu Akuti Dalliance

M'Chingerezi muli mawu akuti dalliance, amene tsinde lake ndi dally. Lero Mngerezi akatchula mawuwa amanena zinthu ziwiri: kutaya nthawi ndi zachabe ntchito ili chidikirire, ndiponso chibwenzi chamasewera cha mwamuna ndi mkazi amene saganiza za ukwati. Koma kale mawuwa anali aulemu ndithu.

M'chaka cha 1066 William, wolamulira wa ku Normandy, anaoloka nyanja nagonjetsa dziko la England. Iye ndi nduna zake ankalankhula Chifalansa, kotero kuti kwa zaka zambiri chinenero chimenechi ndicho chinkamveka m'nyumba za mafumu ndi m'mabwalo a milandu. Pakati pa mawu amene Angerezi anatola kwa ambuye awo atsopanowo panali akuti dalier, ndiko kunena kucheza. Pofika zaka za m'ma 1300 mawuwa anali atalowa m'mabuku a Chingerezi, natanthauza kukambirana kokoma, monga kwa mlendo ndi mwini nyumba.

Mboni ya ulemu wa mawuwa ndi Margery Kempe, mayi wa m'mudzi wa Lynn. M'zaka za m'ma 1430 iye anauza alembi mbiri ya moyo wake, ndipo pofotokoza mmene mzimu wake unkachezera ndi Mulungu, anatchula mawu omwewa.

Koma macheza a m'nyumba zachifumu anali a anthu osagwira khasu, ndipo pochezapo anyamata ankanyengerera atsikana. Choncho ngakhale m'masiku omwewo mawuwa ankanenanso za kuseweretsana kwa amuna ndi akazi. Pang'onopang'ono tanthauzo laulemu lija linafota, lamasewerali nilikula. Cha m'ma 1600 William Shakespeare anawaika m'sewero lake la Hamlet, pamene Ophelia achenjeza mlongo wake Laertes kuti asafanane ndi mbusa wolozera ena njira yovuta ya kumwamba, iye mwini akutsata zokondweretsa thupi.

Achewa sangadabwe nazo zimenezi, pakuti nawonso mawu akuti kucheza amawapinda pawiri. Akati mkulu akucheza ndi alendo, palibe kanthu. Koma akati mnyamata uja akucheza ndi mwana wa uje, ankhoswe amatchera khutu.

Tsono wophunzira Chingerezi asamale. Akalemba m'kalata kuti anali ndi dalliance ndi mkazi wa mnansi wake, poyesa kuti akunena za kucheza chabe, wadziitanira yekha mlandu kubwalo.