Mbiri ya chilumba cha Mbenje

Chilumbacho

Mbenje ndi chilumba cha pa Nyanja ya Malawi. Chili m'boma la Salima, m'dera la mfumu yaikulu Makanjira. Si Makanjira wa ku Mangochi ayi, uyu ndi wa ku Salima. Opita ku Mbenje amakwera boti pa doko la Chikombe. Pachilumbapa palibe mudzi. Pali miyala, mitengo ndi misasa ya asodzi basi. Chimene chimakokera anthu kumeneko ndi utaka.

Mmene zinayambira

M'zaka za m'ma 1950, nthawi ya atsamunda, asodzi ochokera ku Likoma anabwera kwa mfumu. Anapempha kuti aziwedza ku Mbenje. Mfumu inalola, koma inaika malamulo. Lamulo lalikulu linali lakuti nyengo ya dzinja aliyense achoke pachilumba.

Zifukwa zinalipo zingapo. Makolo ankalemekeza chilumbachi ngati malo a mizimu. Dzinja limabweranso ndi mphenzi ndi namondwe, ndipo bwato likagubuduzika kutali ndi mtunda palibe wopulumutsa. Komanso dzinja ndi nthawi ya khasu, munthu ayenera kukhala kumunda. Nsomba zinapindula nazo. Miyezi imeneyo zimaswana ndi kukula popanda khoka lozisokoneza.

Kutseka ndi kutsegula

Mpaka lero chilumba chimatsekedwa mu Disembala ndipo chimatsegulidwa mu Epulo. Tsiku lotsegula kumakhala mwambo ku Chikombe. Mafumu, asodzi, ogula nsomba ndi alangizi a boma amasonkhana. Malamulo amanenedwa poyera kuti wina asadzati sanamve.

Malamulo ake

Pachilumba samwa mowa. Sasuta chamba. Satchova juga. Maukonde a maso ang'onoang'ono ndi oletsedwa, chifukwa amakokolola ndi tiana ta nsomba tomwe. Kauni, kuwedza usiku ndi nyali, n'koletsedwanso. Amayi saloledwa kufika pachilumba. Lamulo limeneli ena amalidandaula, ndipo dandaulo lawo n'lomveka, pakuti amayi ambiri amadyetsa mabanja awo ndi geni ya nsomba. Iwo amadikira maboti ku Chikombe, kumene amagula utaka ndi kuuyanika pa thandala.

Anthu odzipereka

Lamulo silidzilondera lokha. Pali komiti ya anthu a m'midzi yomweyo imene imagwira ntchito pansi pa mfumu. Anthuwa salembedwa ntchito ndi boma. Amayang'ana maukonde asanalowe m'madzi. Amaona katundu wa opita pachilumba. Nthawi yotseka amazungulira ndi boti kufunafuna obera lamulo.

Ntchito imeneyi ndi yowawa. Mafuta a injini ndi odula. Nyanja ikalusa, moyo umakhala pachiswe. Chovuta kuposa zonse n'chakuti wogwidwayo nthawi zina ndi mlamu wako, kapena mwana wa mnzako amene mumapemphera naye. Kumulanda ukonde kumafuna mtima wolimba. Komabe mlandu umapita kwa mfumu. Wolakwa amalipa chindapusa, ndipo wosamva amathamangitsidwa pachilumba. Anthu a m'komitiwa tiyenera kuwathokoza, chifukwa utaka wa ku Mbenje umene timagula pamsika wadutsa m'manja mwawo.

Zimene zinachitika kwina

Ku Nyanja ya Malombe zinthu zinayenda mosiyana. Kumeneko chambo chinali chochuluka. Koma makoka anachuluka, ndipo maso ake ankacheperachepera. Makoka okokera pansi anazula udzu wa m'madzi ndi kuphwasula zisa zimene chambo chimakumba pamchenga. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, chambo chinali chitatsala pang'ono kutheratu.

Boma linaona kuti silingalondere nyanja lokha. M'chaka cha 1993 linayamba kukhazikitsa makomiti a m'madoko ku Malombe. M'chaka cha 1997 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo latsopano la za usodzi, lopatsa anthu a m'midzi mbali posamalira nsomba. Pamenepo n'kuti anthu a kwa Makanjira atachita zimenezi kwa zaka pafupifupi 40.

Lero

Asodzi a m'maboma ena amabwera ku Mbenje chaka ndi chaka. Mafumu ndi makomiti a m'madoko ena amapitanso kukaphunzira. Vuto limene lilipo ndi la maboti akuluakulu okoka makoka, amene nthawi zina amalowa m'madzi a pafupi ndi chilumba. Boti laling'ono la komiti silingawapirikitse. Apa anthu a ku Chikombe akupempha boma kuti liwathandize.