Khobidi Lotsanzikira Mzinda wa Roma

Alendo ambiri odzaona mzinda wa Roma, m'dziko la Italy, amapita ku kasupe wa Trevi tsiku lomaliza, katundu atalongedza kale. Makolo ndi ana amaima chofulatira dziwe, aliyense khobidi lili kudzanja lamanja, n'kuliponya chakumbuyo kudzera paphewa lamanzere. Amati woponya khobidi adzapondanso mu Roma. Mwambowu umaoneka ngati wamakedzana, koma ndi wa dzulodzuloli poyerekeza ndi madzi amene makobidiwo amagweramo.

Madziwo anayamba kufika mumzinda m'chaka cha 19 BC, pamene Marcus Agrippa, mkamwini wa mfumu Augustus, anamaliza ngalande yotchedwa Aqua Virgo. Ngalandeyi ndi yotalika makilomita pafupifupi 20 kuchokera ku akasupe a ku Salone, kum'mawa kwa mzinda, ndipo mbali yaikulu imadutsa pansi pa nthaka. Kubisika kumeneku n'kumene kunaipulumutsa. Agothi atazinga Roma mu 537 anadula ngalande za mzindawo. Zambiri zoyenda pamwamba pa zipilala zinafera pomwepo kapena zinagumuka m'kupita kwa zaka, koma Aqua Virgo inkakonzedwa n'kumatulutsabe madzi, ngakhale ochepa. Mu 1453 Papa Nicholas V anaikonzanso, n'kuika beseni lamwala lopanda zokometsera zambiri pamphambano pomwe anthu ankatunga madzi akumwa.

Kasupe amene alendo amajambula lero anadza patapita zaka mazana atatu. Mu 1629 Papa Urban VIII anapempha mmisiri wotchuka Gian Lorenzo Bernini kuti akonze malowo, koma ntchitoyo sinapite patali. Papa Clement XII ndiye anayambitsa mpikisano mu 1730, ntchito n'kugwera Nicola Salvi, yemwe anayamba kumanga mu 1732. Zina mwa ndalama zomangira zinachokera ku lotale imene Papayo analola kuti iyambirenso mu Roma, kotero kasupeyu wakhala akudya makobidi a anthu oyesa mwayi kuchokera pa maziko pomwe. Salvi anamwalira mu 1751 ntchito ili pakati. Giuseppe Pannini ndiye anaimaliza, Pietro Bracci anasema chiboliboli chachikulu cha Oceanus, mulungu wa nyanja, chimene chili pakati, ndipo Papa Clement XIII anatsegulira kasupeyo mu 1762. Ndi wotalika mamita 26 kupita m'mwamba ndi 49 m'lifupi, womangidwa ndi mwala wa ku Tivoli pakhoma la nyumba ya Palazzo Poli.

Potsanzika, alendo akale sankaponya kanthu, ankamwa madziwo. Madzi a Trevi ankatchuka kuti ndi okoma kuposa ena onse mu Roma, ndipo kunali chikhulupiriro choti womwako usiku woti mawa anyamuka sangalephere kubweranso. Nathaniel Hawthorne wa ku America anatchula mwambowu m'buku lake la The Marble Faun la mu 1860. Kudzanja lamanja la dziwe kuli timipopi tiwiri komwe, malinga ndi nkhani za eni mzinda, mtsikana ankamwetsa bwenzi lake lopita kutali, kenako n'kuswa tambula kuti asadzamuiwale. Kuponya khobidi kunafala chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ndipo ambiri amati anakuyambitsa ndi Wolfgang Helbig, Mjeremani wofukula zakale amene ankakhala mu Roma. Maganizo ake sanali atsopano, poti anthu a ku Ulaya ankaponya zopereka m'zitsime ndi mu akasupe kalekale Chikhristu chisanafike.

Chimene chinafalitsa mwambowu padziko lonse ndi kanema. Filimu ya ku America ya mu 1954, Three Coins in the Fountain, yomwe nyimbo yake anaimba Frank Sinatra, inaonetsa atsikana ogwira ntchito mu Roma akuika chiyembekezo chawo pa kasupeyu. Lero otsogolera alendo amawerenga motere: khobidi limodzi ndi la kubweranso, awiri ndi a chibwenzi, atatu ndi a ukwati. Mu filimu ya La Dolce Vita ya mu 1960, Federico Fellini anaonetsa Anita Ekberg akuyenda m'dziwemo usiku. Mpaka pano pamapezeka alendo ofuna kumutsanzira, koma apolisi amawatulutsa n'kuwalipiritsa chindapusa.

Makobidi atachuluka panabuka funso la mwini wake. Kwa zaka zambiri anthu ankawavuula usiku ndi m'mamawa, ena ndi maginito omangirira kundodo, ndipo bambo wina anadyera momwemo zaka zoposa makumi atatu mpaka anamangidwa mu 2002. Kuyambira 2001 khonsolo ya mzinda imapereka ndalamazo ku Caritas, bungwe la mpingo wa Katolika lothandiza osauka. Antchito a kampani ya madzi ya ACEA amasesa makobidiwo n'kuwakoka ndi mapaipi, kenako amaumitsidwa, kusankhidwa ndi kuwerengedwa. Mu 2016 anakwana pafupifupi mayuro 1.4 miliyoni. Ndalamazo zimathandiza kuyendetsa malo odyetsera anthu osowa pokhala ndi sitolo zomwe mabanja ovutika amatengako chakudya osalipira. Mu 2019 zinamveka kuti khonsolo ikufuna kuzitenga kuti izigwiritse ntchito yokha, koma anthu atadandaula meya Virginia Raggi anatsimikiza kuti Caritas ipitiriza kulandira.

Kukonza kasupeyo sikuimitsa mwambo. Kampani ya zovala ya Fendi italipira ntchito yokonza ya mu 2014 ndi 2015, komanso pa ntchito ina ya kumapeto kwa 2024 yokonzekera Chaka Choyera cha mpingo wa Katolika cha 2025, dziwe linaphwetsedwa, ndipo akuluakulu anaika kadziwe kongoyembekezera kuti alendo aziponyamo makobidi awo. Kasupe atatsegulidwanso mu Disembala 2024, khonsolo inalamula kuti anthu osapitirira 400 ndiwo azifika pafupi ndi madzi pa nthawi imodzi, ena onse azidikira pamzere.