Nthenda za Amuna pa Mapiri a Angónia, Kale ndi Lero

Pamene Angoni a kwa Maseko adakhazikika m'tsinde mwa phiri la Domwe m'zaka za m'ma 1870, nasakanizana ndi Achewa amene adawapeza m'dzikomo, panali mwambo wakuti mwamuna wamkulu satchula poyera nthenda ya kumunsi kwa mchombo, pakuti bongololo sadzolera mafuta pagulu. Nkhalamba imene mkodzo unkaivuta kutuluka, kapena unkangodontha wokha, inkalawirira kwa sing'anga kusanache. Ndipo mwamuna amene mphamvu za m'nyumba zidamthera ankatafuna muzu wa gondolosi mobisa, poopa kuti akazi angamuimbe pamtondo kuti adagwa m'papaya. Komatu makolo sadamsiye yekha munthu wotere, popeza mkazi anali ndi khomo lokadandaulako kwa ankhoswe, amene ankaitana awiriwo m'nyumba, nayala mphasa, namva mbali zonse mofatsa, kuti banja lisapasuke chifukwa cha nthenda.

Pangano la Angerezi ndi Apwitikizi la 1891 lidadula dziko la Angoni pakati, koma odwala sadaleke kutsata mankhwala kumene amveka. Ena ankapita ku mishoni ya Ajezwiti ku Lifidzi, ena ku Vila Coutinho, kumene lero titcha Ulónguè, ena kuoloka malire kunka ku chipatala cha Nkhoma. Dziko la mbali ya Apwitikizi litalandira ufulu mu 1975, boma lidatenga zipatala zonse m'manja mwake. Koma nkhondo yapachiweniweni, imene idatha mu 1992, idapasula zipatala zambiri za kumidzi, nithamangitsira anthu miyandamiyanda ku Dedza ndi Ntcheu. M'zaka zonsezo mkulu wotsekeka mkodzo ankafika kuchipatala pangolo kapena panjinga, chikhodzodzo chitatupa, namuika kapaipi, iye nabwerera kwawo atabisa thumba la mkodzo m'kati mwa jekete, osadziwa dzina la chimene chamudya.

Kawirikawiri gwero la mavutowo linali prostate, kachiwalo ka amuna okha kokhala pansi pa chikhodzodzo, kozinga njira ya mkodzo, kamene kamakula munthu akamakalamba, ndipo mwa ena kamagwidwa ndi khansa. Mu 1904 dokotala Hugh Hampton Young wa ku Baltimore adachotsa kachiwaloka konse mwa wodwala khansa, koma kwa zaka zambiri pambuyo pake pafupifupi onse ochitidwa opaleshoniyi ankataya mphamvu za umuna, ndipo ambiri sankatha kugwira mkodzo. Mu 1982 Patrick Walsh, wa pa chipatala cha Johns Hopkins ku Baltimore komweko, adaonetsa njira yosunga mitsempha yodzutsa umuna, imene imadutsa m'mbali mwa prostate. Mu 1998 mankhwala a sildenafil, othandiza mphamvu za umuna, adayamba kugulitsidwa. Ndipo njira yolimbitsa minofu ya pansi pa chiuno, imene Arnold Kegel adaphunzitsa akazi mu 1948, idapezeka yothandizanso amuna.

Tsono mwamuna wa ku Tsangano kapena ku Domwe amene khansa yake yapezeka msanga, natumizidwa ku chipatala chachikulu kukachitidwa opaleshoni, adziwe kuti kapaipi kamachotsedwa patapita sabata imodzi kapena ziwiri, ndi kuti kudontha kwa mkodzo kumachepa pang'onopang'ono, kufikira ambiri amauma chaka chisanathe, makamaka akamafinya tsiku ndi tsiku minofu imene munthu amagwira nayo mkodzo. Mphamvu za m'nyumba zimachedwa koposa, nthawi zina kufikira zaka ziwiri, ndipo kubwerera kwake kumadalira msinkhu wa munthu ndi mmene mitsempha ija idasungidwira; umuna sutulukanso, ndipo kubereka kumatha, koma kukoma kwa kukhala malo amodzi kungatsale ndithu. Apa mpamene pafunika kukumbuka kuti kuona maso a nkhono nkudekha. Mapiritsi a sildenafil aja amwedwe dokotala atavomereza, pakuti kwa amene akumwa mankhwala ena a mtima angadzetse ngozi.

Chimene makolo adachidziwa, chakuti nthenda ya mwamuna ndi mlandu wa banja lonse, ndicho chikusoweka lero, pamene mankhwala alipo koma ankhoswe angotsala a pa tsiku la ukwati. Inu abambo amene mwapitirira zaka 50, mukaona mkodzo ukuchedwa, ukudukiza, kapena uli ndi magazi, pitani kuchipatala msanga pamodzi ndi amayi a kunyumba. Ndipo inu amayi ndi ankhoswe, mlimbitseni mtima wodwalayo kufikira atachira.