Majaji Asanu a ku Oslo

Ndinakulira mu komboni, kumene timu ikabwera ndi ref wake mumadziwiratu kuti mwaluza. Ndinkayesa ndi za bola cabe, mpaka nditawerenga za 1927.

Caka cimeneco ku Oslo kunali mpikisano wa dziko lonse wovina motsetsereka pa madzi oundana. Herma Szabo wa ku Austria anali atapambana zaka zisanu zotsatizana. Majaji anali asanu: atatu a ku Norway, wina wa ku Germany, wina wa ku Austria. Atatuwo anasankha mwana wakwao, Sonja Henie, wazaka 14. Awiriwo anasankha Szabo.

Szabo anasiya mipikisano caka comweco. Bungwe la ISU linakhazikitsa lamulo lakuti dziko limodzi lizitumiza jaji mmodzi. Lamulo linabwera, koma mendulo ya Szabo inatsala ku Oslo.