Fodya wa kwa Kaomba ndi Mitsempha ya M'miyendo

M'chaka cha 1908, dokotala wina wa ku New York, Leo Buerger, analemba za matenda omwe ankavutitsa amuna achinyamata: mitsempha ya magazi ya m'miyendo inkatsekeka, zala zakuphazi n'kuda, mapeto ake mwendo n'kudulidwa. Madokotala anadzazindikira pambuyo pake kuti pafupifupi onse odwala nthendayi anali osuta fodya. Lero zimadziwika kuti fodya ndi matenda a shuga ndizo zimatsogolera pochepetsa njira za magazi m'miyendo. Chizindikiro choyamba sichiopsa konse. Munthu akayenda pang'ono katumba amawawa, akaima ululu umatha, ndipo ambiri amangoti ndi ukalamba kapena nyamakazi.

Kwa Kaomba nkhaniyi si yachilendo, ngakhale dzina la Buerger silimveka. Dr. Hastings Kamuzu Banda, mwana wa ku Kasungu, anali sing'anga mu mzinda wa London m'chaka cha 1950 pamene Richard Doll ndi Austin Bradford Hill, mu mzinda womwewo, anasonyeza kuti kusuta kumayambitsa khansa ya m'mapapo. Komabe atatenga boma, ndi iye amene anadzaza zigwa za kwawo ndi maesiteti a fodya, ena mwa iwo a kampani yake ya Press. Sindikumuweruza, pakuti dziko linkafuna ndalama zakunja. Koma ndimadabwa kuti dokotala ankaganiza chiyani poona zigafa zija. Kuyambira mu 1990 alimi ang'onoang'ono analoledwanso kulima bale, ndipo mabelo anachuluka mpaka msika wa Chinkhoma unatsegulidwa. Fodya wambiri amapita kunja, inde, koma wotsalira uja, chingambwe chopichira m'pepala, amasuta ndi tenanti yemwe.

Nanga mtsempha wotsekeka amauona bwanji munthu ali moyo? Mu 1929 Reynaldo dos Santos wa ku Lisbon anabaya mankhwala mu mtsempha waukulu wa m'mimba n'kujambula ndi X-ray, njira yopweteka ndiponso yoopsa. Mu 1973 Paul Lauterbur anasonyeza kuti maginito amphamvu pamodzi ndi mafunde a wailesi angathe kujambula madzi a m'kati mwa chinthu popanda kuching'amba. Peter Mansfield anafulumizitsa njirayi, ndipo awiriwa analandira mphoto ya Nobel mu 2003. Awa ndiwo makina a MRI. M'zaka za m'ma 1990 madokotala anayamba kubaya mankhwala a gadolinium pamkono, kotero kuti mitsempha yonse kuchokera m'chiuno mpaka kuphazi inkaoneka ngati mizu ya mtengo, pamene papanikizika n'kuonekera poyera.

Makina oyamba otere anafika m'Malawi mu 2008, pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, kudzera mwa Dr. Terrie Taylor wa ku Michigan State University. Sanabwerere miyendo ya alimi ayi. Anabwerera ana okomoka ndi malungo a muubongo, ndipo mu 2015 anathandiza kutsimikiza kuti chimene chimapha ana ambiri otere ndi kutupa kwa ubongo. Tenanti wa kwa Kaomba wofuna kujambulidwa m'zaka zimenezo akadayenda mtunda woposa makilomita 400.

Chomwe chingamufikire msanga ndi chida wamba choyezera kuthamanga kwa magazi: ayeze pamkono, ayezenso pakakolo. Nambala ya pakakolo ikatsika kwambiri poyerekeza ndi ya pamkono, ndiye kuti njira yachepa. Malawi analowa m'pangano la WHO lochepetsa kusuta fodya mu 2023, patatha zaka 20 chilembedwere panganolo.